Za Mau a Chingerezi Amene Sali m'Buku la Sukulu

Mmodzi wa owerenga athu, amene anapita ku England kukagwira nchito yosamala okalamba, watilembera kalata ya chidandaulo. Akuti anaphunzira Chingerezi zaka khumi ndi ziwiri, napambana mayeso ache onse, koma tsiku loyamba lomwe, pamene mnzache wa panchito anati kwa iye "You all right?" iye anayesa kuti nkhope yache yaoneka ngati ya munthu wodwala, nayamba kufotokoza za kutopa kwa ulendo. Pokweza maso anapeza kuti mnzacheyo wapita kale, pakuti sanalikufunsa kanthu, analikungopereka moni. Ndipo mlongo wathuyo afunsa kuti, Kodi Chingerezi chimene tinaphunzira ife nchiti, ndi chimene alankhula eni achewo nchiti? Funso limeneli nlabwino, ndipo lakhala m'mitima ya ambiri amene sanalembe.

Tiyambire pa galamala, pakuti muzu wa nkhaniyi uli pamenepo. M'chinenero chathu muli "iwe" ndi "inu," ndipo mwana asanadziwe kuwerenga zala zache adziwa kale amene angamnene "iwe" ndi amene sangamnene chomwecho. Munthu akhoza kunena mau amodzimodzi kwa mphwache ndi kwa apongozi ache, nasintha mlowam'malo yekha, ndipo ulemu wakwanira. Angerezi akale anali nazo zimenezi: "thou" anali wa mwana, wa bwenzi ndi wa wanchito, ndipo "you" anali wa akuru ndi wa anthu ambiri. Koma m'zaka za m'ma 1600 anthu a ku London anayamba kumsiya "thou," kufikira anatsala m'midzi ina ya kumpoto, monga ku Yorkshire, ndi pakati pa a mpingo wa Quaker, amene anakana kunena "you" kwa munthu mmodzi, angakhale ndiye woweruza, nasautsidwa chifukwa cha ichi. Iwo amene awerenga Baibulo la Chingerezi la 1611 ayesa kuti "thou" ndiwo mau a ulemu waukuru, popeza anenedwa kwa Mulungu. Si chomwecho iai. Ife timati "Inu" kwa Mulungu, koma mau amene ali m'Baibulo lija ndiwo omwe aja Mngerezi ananena kwa mwana wache.

Tsono pamene "thou" anafa, ulemu sunafere limodzi naye. Unasamuka, nukalowa m'kasankhidwe ka mau. Mngerezi wa lero ali ndi "you" mmodzi yekha wa mfumu ndi wa galu yemwe, koma pa chinthu chimodzi ali ndi mau awiri kapena atatu, ndipo posankha pakati pa iwo aonetsa kumene waika womverayo, kaya pamwamba pache, kaya pambali pache. Pali mau a m'buku, oyenera kalata ndi bwalo la milandu. Pali mau a kunyumba, amene anthu onse alankhula tsiku ndi tsiku osachita nao manyazi, ngakhale sawalemba m'kalata ya kwa bwana. Ndipo pansi pa amenewa pali ena amene eni ache awacha "slang," ndiwo mau a m'miseu, a kumsika ndi a m'magulu a anyamata. Mau awiri otsirizawa ndiwo "iwe" wa Chingerezi. Wakuwanena ali ngati munthu wakuti kwa mnzache, Ine ndi iwe tiri a msinkhu umodzi.

Taonani chitsanzo cha imfa, pamene kulakwa kupweteka koposa. Ife timati mkuru watisiya, munthu wamwalira, mbuzi yafa. Ndipo wakunena kuti "amai ako afa" aonetsa kuti sanaleredwe. Angerezi nao ati "passed away" pofuna kufewetsa, ati "died" ponena chabe chimene chachitika, ndipo ali nao mau ena akuti "kicked the bucket," ndiko kunena kuti wamenya ndowa ndi phazi. Mau amenewa ngakale, pakuti alimo m'buku la Francis Grose la 1785, limene linasonkhanitsa mau a mbala, a amalinyero ndi a anthu a m'nyumba za mowa. Koma ukale wao sunawapatse ulemu. Anenedwa mwanthabwala, za munthu wakutali kapena za wolankhula mwini wache, monga nkhalamba itaseka niti, Ndisanamenye ndowa ndifuna kuona nyanja. Wophunzira amene awapeza m'buku la zining'a, nakawanena kwa mkazi wamasiye poyesa kuti aonetsa kudziwa kwache, achita chinthu chimene sichiiwalika msanga.

Momwemonso ndi mau ang'onoang'ono a tsiku ndi tsiku. Mwamuna ndiye "gentleman" pomlemekeza, "man" pongomchula, ndi "bloke" kapena "chap" pakati pa abwenzi. Mwana ndiye "child," koma pakamwa pa anthu ambiri ndiye "kid," mau amene poyamba anali a mwana wa mbuzi, ndipo mpaka lero mbusa awagwiritsa nchito chomwecho. Kuyamika ndiko "thank you," kufupikitsa kwache "thanks," ndi kwa ana ndi abwenzi "ta." Nao mau akuti "cheers," amene kale ananenedwa pokweza chikho cha chakumwa, tsopano ku Britain aimira zikomo, aimiranso tsalani bwino, kotero kuti munthu wosamwa konse awanena kwa woyendetsa basi potsika. "Guy" anachokera ku dzina la Guy Fawkes, amene anagwidwa pa 5 November 1605 alikufuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ndi onga. Ana anazolowera kupanga chifanizo chache cha nsanza chaka ndi chaka nachitentha, ndipo dzinalo linayamba kutanthauza munthu wobvala zoseketsa. Ku America linasanduka mwamuna ali yense, ndipo lero "guys" anenedwa kwa gulu la amuna ndi akazi pamodzi. Mphunzitsi akhoza kutero kwa ophunzira ache. Koma wophunzira asatero kwa akuru amene akhala pansi kudzamyesa ngati ayenera nchito.

Bvuto lalikuru la mau otere ndi lakuti tanthauzo lao silituruka m'zilembo zao. Munthu wodziwa kuti "break" ndiko kuthyola sangadziwe mwa nzeru zache kuti "I am broke" ndiko kunena kuti ndiribe ndalama. "Sack" ndilo thumba, koma amene wapatsidwa "the sack" wachotsedwa nchito. "Knackered" ndiko kutopa kwambiri, ndipo mau ache akumbutsa munthu uja amene nchito yache inali kugula akavalo otha mphamvu ndi kuwapha. Koma oposa onse pa kusokoneza ndiwo "nick," pakuti mbala ikaba njinga ati yaichita "nick," wapolisi akaigwira mbalayo ati waichita "nick," ndende imene aitsekeramo ndiyo "the nick," ndipo njingayo ikapezeka yosaonongeka ati iri "in good nick." Mau amodzi, matanthauzo anai, ndipo palibe lamulo la galamala limene lingakutsogolereni, muyenera kumvera nkhani yonse, monga tichita ife pomva kuti "wadya," osadziwa msanga ngati wadya nsima, kapena ndalama za mpingo.

Ena mwa mau amenewa anapangidwa dala kuti mlendo asamve. Kum'mawa kwa mzinda wa London kuli anthu ochedwa Cockney, ndipo mwambo uti Cockney weniweni ndiye wobadwira kumene kumveka mabelu a chalichi cha St Mary-le-Bow. Ogulitsa malonda a kumeneko anali ndi masewera a pakamwa, amene John Camden Hotten anawalemba m'buku lache la 1859. Kachitidwe kache nkotere. Atenga mau amene afuna kubisa, nafuna ena awiri amene otsiriza ache amveka mofanana nao, nanena awiriwo m'malo mwache. "Stairs," ndiwo makwerero, asanduka "apples and pears." "Head" asanduka "loaf of bread," "look" asanduka "butcher's hook," ndi "lies," ndiwo mabodza, asanduka "pork pies." Pamenepo mlendo wochenjera akadatha kulondola ndi khutu, koma iwo adula mau otsirizawo, amene anali mfungulo, nasiya oyamba okha. Chotero "use your loaf" ndiko kuti ganiza ndi mutu wako, ndipo mulibe mkate m'menemo. "Have a butcher's" ndiko kuti tayang'ana, ndipo mulibe nyama. Ndi mwana wonena "porkies" ndiye wabodza. Angerezi ambiri anena mau amenewa osadziwa konse kumene anachokera. Amodzi mwa iwo anaoloka nyanja: "mate," ndiye bwenzi, anasanduka "china plate," nadulidwa kukhala "china," ndipo abale athu a ku Johannesburg awamva kawirikawiri, munthu akuti kwa mnzache "my china," wosanena za dziko la China kapena za mbale.

Ena anadza ndi asilikari. Angerezi anakhala nthawi yaitali ku India, natola mau a kumeneko: "dekko," kuyang'ana, ndi "cushy," nchito yofewa yosatopetsa. Pano tipatuke pang'ono, pakuti pali kanthu kokondweretsa. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 asilikari a Britain anacha dziko la kwao "Blighty," ndipo bala lokwanira kumtumiza munthu kwao, koma losampha, linali chinthu chimene ambiri anachilakalaka m'maenje muja. Mau amenewa anawatenga kwa Amwenye, amene anacha chinthu cha ku dziko lakutali "bilayati". Ndipo Amwenyewo anawalandira ku mau a Chiarabu akuti "wilaya," ndilo dziko kapena chigawo. Mau omwewo a Chiarabu analowa m'Chiswahili, natsika ndi amalonda kufikira kwa ife, ndipo ndiwo "Ulaya" wathu. Msilikari wolira Blighty ndi agogo athu onena za ku Ulaya analikunena mau amodzi, za dera limodzi, osadziwana.

Njira yina ndiyo kudula mau atali, monga tichita ife ponena "ku Joni." Mu 1710 Jonathan Swift, mlembi womveka ndi mbusa wa mpingo, anadandaula m'nyuzi kuti anthu alikuononga Chingerezi ndi mau oduka, ndipo amodzi mwa amene anamnyansa anali "mob," khamu la anthu osokosera, odulidwa ku Chilatini "mobile vulgus." Dandaulo lache silinaphule kanthu, lero woweruza alemba "mob" m'chiweruzo chache osazengereza. "Bus" anali "omnibus" pamene magareta oyamba otere anayamba kuyenda mu London mu 1829, ndipo tsopano alowa ndi m'chinenero chathu chomwe. Ndipo "OK," amene adziwika m'midzi imene Chingerezi sichinafike, anayamba ngati nthabwala ya m'nyuzi ya ku Boston pa 23 March 1839, pamene alembi anali ndi masewera olemba mau molakwa dala ndi kuwafupikitsa: "all correct" anamlemba "oll korrect." Nthabwala zinzache zonse zinafa, koma iyi inapulumuka chifukwa chaka chotsatira otsata Martin Van Buren, amene anachedwanso Old Kinderhook, anaitenga kukhala mfuu yao pa chisankho. Munthu amene anafukula mbiri imeneyi ndiye Allen Walker Read, m'zaka za 1963 ndi 1964.

Apa tiona kuti mau a m'miseu sakhala pamodzimodzi. Ena akwera nakhala mau a m'buku, ndipo ambiri afa. A ndalama aonetsa ichi bwino. Paundi ndiye "quid," ndipo sasintha pochuruka: "ten quid," osaonjeza "s." Dola ya ku America ndiyo "buck," ndipo "grand" ndicho chikwi. Amenewa ali moyo. Koma shileni anali "bob" ndipo ndalama ya makobiri asanu ndi limodzi inali "tanner," kufikira pa 15 February 1971, pamene Britain inasintha kawerengedwe ka ndalama zache. Kuyambira pomwepo "tanner" anayamba kuiwalika, ndipo "bob" anatsala pakamwa pa okalamba, ngakhale ku Kenya, kumene shileni akalipo, mauwo ali ndi mphamvu zao zonse. Chaka chomwecho kwacha inalowa m'Malawi, ndipo "tiki" wathu, amene tinamlandira ku "tickey" wa ku South Africa, anayamba ulendo womwewo wa ku chiiwaliko. A anyamata ndiwo afulumira kufa koposa. Akonda kutembenuza mau, kotero kuti "wicked," choipa, ndi "sick," wodwala, atanthauza chinthu chokoma kwambiri. Ndipo mbadwo uli wonse utaya mau a akuru ao nufuna atsopano. Osindikiza madikishonale a ku Oxford anasankha "selfie" kukhala mau a chaka cha 2013, ndipo akhazikika. Mu 2023 anasankha "rizz," ndiko kukoma m'kamwa kokopa nako mnzako, ndipo ambiri a zaka makumi asanu anawamva koyamba tsiku lomwelo. Munthu wamkuru wonena mau a anyamata aseketsa monga nkhalamba yobvala kabudula wa mdzukulu wache.

Tiri nacho chitsanzo chathuchathu cha mau amene anafa kwao nakhala moyo kwa eni ena. Azungu a masiku aja poitana mnzao anati "I say," ndipo lero ku England mau amenewa amveka m'masewero okha, pofanizira bwana wachikale. Koma kuno akali amphamvu, ndiwo "aise." Ndipo onani kuti ife tomwe tinawaika pa malo ao: mnyamata ati "aise" kwa mnzache, kapena kwa msuweni wache amene aseleulana naye, koma sangayese kutero kwa atate ache. Amene amvetsa ichi wamvetsa "mate" ndi "bloke" yemwe.

Tisaiwalenso kuti Chingerezi chiri ndi maiko ambiri, ndipo mau a m'miseu saoloka malire onse. Nyali za pamphambano tizicha maloboti, monga achita ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Zambia. Koma wofunsa njira mu London, nanena za "robot," adzayesedwa wonena za makina onga munthu. "Just now" ku England ndiko kanthawi kapitako, koma ku Johannesburg ndiko nthawi yina mtsogolo, kapena madzulo, kapena mawa, ndipo wofuna chinthu msanga ati "now now." Wanchito wosadziwa ichi aimirira pakhomo ora lathunthu kudikira bwana amene sanaganize konse zobwera. "Pants" ku America ndiyo buluku, koma ku Britain ndicho chobvala cha mkati, ndipo wakuyamika "pants" a mnzache kumeneko angaone anthu alikubisa nkhope.

Pali mau ena amene sitiseka nao. "Boy" m'buku ndiye mnyamata. Koma tonse tikumbuka umo ananenedwera kwa amuna a imvi m'masiku a utsamunda, ndipo ku America kumnena munthu wamkuru wakuda chomwecho ndiko kutukwana kwakukuru. Alipo mau otukwana amene mafilimu ndi nyimbo ziwabwereza kufikira mwana ayesa kuti ndicho Chingerezi cha masiku onse, sitidzawalemba pano. Tichula amodzi okha, ofatsa mwa onsewo, ndiwo "bloody." Pamene sewero la George Bernard Shaw lochedwa Pygmalion linaonetsedwa mu London mu 1914, mkazi wa m'seweromo ananena mau amenewa kamodzi, ndipo nyuzi zinalankhula za ichi masiku ambiri. Lero ku Britain ndi ku Australia apepuka, koma sanayerebe kufikira kulowa m'kalata kapena m'nyumba ya mapemphero. Ife tiyesa kuti mlendo achita bwino kuwamva ndi kuwasiya, pakuti mwini chinenero adziwa ndi khutu lache pamene apepuka ndi pamene alemera, ndipo khutu lotere silibwera ndi mayeso.

Nanga wophunzira adziwa bwanji msinkhu wa mau amene wawatola? Madikishonale abwino aika chizindikiro patsogolo pa tanthauzo: "formal," "informal," "slang," "dated," "offensive." Ambiri alumpha tizilembo timeneti pothamangira tanthauzo, koma m'menemo ndimo muli "iwe" ndi "inu." Wofuna kukumba mozama ali nalo buku la Eric Partridge, munthu wobadwira ku New Zealand, limene linaturuka mu 1937, ndi la Jonathon Green la 2010, la mabuku atatu akuru. Koma mphunzitsi woposa mabuku ndiye kupenya amene alankhula ndi amene alankhulidwa. Tinaona kalata ya mnyamata wina wanzeru, wopempha nchito ya ukalaliki, imene inayamba ndi "Hi guys" nitha ndi "Cheers." Munalibe cholakwa cha galamala ngakhale chimodzi m'kalata monsemo, ndipo sanaitanidwe.

Tibwerere kwa mlongo wathu wa ku England. Pa "You all right?" yankho lache ndilo "Yes, thanks, you?" ndipo muyende, za kutopa muzisungire amene wakhala nanu pansi. Mngerezi akati chinthu chiri "not bad," kawirikawiri wachiyamika. M'kalata yomweyo mwadandaulanso kuti mkazi wa m'sitolo, ndi mwamuna woyendetsa basi yemwe, anakuchani "love," ndipo munakhumudwa, popeza ndinu mkazi wa mwini. Musabvutike mtima, pakuti sanalikukufunsirani. Ndiwo mau a chifundo chabe kwa mlendo ali yense, monga ife tinena "amai" kapena "achimwene" kwa munthu amene sitinabadwe naye. Dera liri lonse liri ndi ache: ku Nottingham ndi ku Stoke ati "duck," ndiye bakha, ku Newcastle ati "pet," ndipo ku Glasgow mkazi achedwa "hen," ndiyo nkhuku yathadzi. Koma kwa okalamba amene muwasamalawo musafulumire kubweza mau otere, ngakhale mumva anzanu a panchito alikutero. Ena a iwo akondwera nao, ena amva ngati asandutsidwa ana. Yambani ndi "Mr" kapena "Mrs" ndi dzina la banja lao, ndipo muwafunse eni ache dzina limene afuna kuitanidwa nalo.